Ndemanga pa ofesi ya mlangizi wa nkhani za ntchito imene inatithandiza sowo itadula zala za mwana wa mlongo wanga

Ndikulemba za ofesi yaing'ono ya mlangizi wa nkhani za ntchito imene ili m'tauni muno mu Lusaka, pamwamba pa nyumba ina yosanjikizana pafupi ndi Cairo Road, kumene ndinakwera masitepe maulendo oposa khumi m'miyezi imene mwana wa mlongo wanga anali kuchira atadulidwa zala zitatu ndi makina ochekera matabwa. Dzina la ofesiyo sindilitchula, ngakhalenso la shopu imene ngoziyo inachitikira, chifukwa nkhaniyi ikukhudza anthu amene timakumana nawobe ku tchalitchi ndi pa maliro. Maofesi otere alipo angapo m'tauni, ndipo zimene ndinaona pa imodziyi zingathandize munthu kudziwa chimene akugula asanatulutse ndalama m'thumba. Ndalama imene ndinalipira sinapite pachabe, pakuti mayi wa mu ofesiyo anatiletsa kusaina pepala limene likanatisowetsa pogwira, koma pali zinthu zina zikuluzikulu zimene anazisiya, ndipo ndizitchula popanda kubisa.

Mnyamatayo anabwera kuchokera ku Katete ali ndi zaka 19, amayi ake atamutumiza kuti adzakhale ndi ine, ndipo aliyense woleredwa pa mwambo wathu akudziwa kuti mwana wa mlongo akavulala, funso loyamba limapita kwa malume. Ndine amene ndinamupezera malo pa shopu ina ya ukalipentala cha ku Kalingalinga, kumene amapanga zitseko, mabedi ndi madesiki a m'sukulu ndi matabwa ogula ku msika wa Buseko, ena a paini wochokera ku Copperbelt, ena a mlombwa, umene kuno ambiri amautcha mukwa. Anagwira ntchito pamenepo zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, akulandira malipiro pakutha pa mwezi, koma popanda pepala lililonse losonyeza kuti analembedwa ntchito. Ine sindinafunse za pepalalo. Ndinaona kuti mwana akudya, akuvala, akutumizako kangachepe kumudzi, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Kulakwa kumeneko ndi kwanga.

Makina amene anamuvulaza ndi a mtundu umene mungaupeze m'mashopu ambiri a m'makomboni: tebulo lazitsulo lochita kuwotcherera, mota pansi pake, lamba, ndi sowo yozungulira yotulukira pamwamba pa tebulo, yopanda chivundikiro, yopandanso kachitsulo kaja kokhala kumbuyo kwa sowo koletsa thabwa kuipana. Switchi yake inali yawamba, yonga ya getsi la m'nyumba, yokhomedwa pakhoma. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo amisiri ankagwira ntchito mothamanga nthawi iliyonse imene ayaka. Tsiku la ngoziyo magetsi anazima thabwa lili pakati pochekedwa, ndipo palibe amene anakumbukira switchi ya pakhoma ija popeza makina anali atakhala kale chete. Mnyamatayo anasolola thabwa n'kuyamba kuchotsa utuchi ndi tizidutswa tokanirira m'mbali mwa sowo ndi dzanja lamanja, ndipo magetsi anabwera dzanja lili pomwepo. Sowo ya mamilimita 250 ikamazungulira maulendo 4,000 pa mphindi, mano ake amathamanga liwiro loposa makilomita 180 pa ola, ndipo ngati ili ndi mano 40, ndiye kuti mano oposa 2,600 amadutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse. Ngakhale isanafike pa liwiro limenelo, munthu sangabweze dzanja m'nthawi yake. Chala cha mkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake zinapita, chala chachikulu chinang'ambika koma chinapulumuka.

Anzake anamumanga nsalu n'kuthamangira naye ku chipatala pa galimoto ya kasitomala amene anabwera kudzatenga chitseko, zala zitatsala mu utuchi. Wina anazitola pambuyo pake n'kuziponya m'botolo la madzi, ndipo zinafika ku chipatala patapita maola. Madokotala anatiuza kuti sizikanatheka kuzilumikiza, makamaka chifukwa sowo sidula bwinobwino ngati lumo, imadya mnofu, mitsempha ndi fupa m'lifupi lonse la mano ake n'kusiya bala lonyenyeka. Anatiphunzitsanso chimene aliyense wogwira ntchito ndi sowo ayenera kuchidziwa: bala lipanikizidwe ndi nsalu yoyera dzanja litakwezedwa m'mwamba, chala chodukacho chikulungidwe m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikidwe m'pulasitiki yomanga bwino, ndipo pulasitikiyo ndiyo iikidwe m'madzi a ayezi. Chala chisaviikidwe m'madzi kapena kugunda ayezi mwachindunji, ndipo chipite limodzi ndi mwini wake.

Pa tsiku lachitatu mwini shopu anabwera ku wodi atanyamula zipatso, envulopu ya ndalama ndi pepala lotayipa m'Chingerezi. Sindinganene kuti anabwera ndi nkhanza, chifukwa analira ataona dzanjalo, ndipo ndalama ya mankhwala ya masiku oyamba anatulutsa ndi iye. Koma pepalalo linkanena kuti mnyamatayo anali waganyu, kuti anavulala chifukwa chosamvera malangizo, ndiponso kuti ndalama ya mu envulopuyo yatseka nkhani yonse. Achibale amene analipo anagawanika, ndipo azakhali ake anandikokera pambali n'kundiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mawu amenewo anali ndi mphamvu chifukwa nyumba inali yosalipira ndipo mlongo wanga anali atakongola ndalama ya basi kuti abwere. Mnyamatayo anangoti, "Amalume, zimene muone inuyo ndi zomwezo," n'kutembenukira kukhoma. Ndinapempha mwini shopu kuti andipatse masiku awiri, ndinajambula pepalalo pa foni, ndipo mnzanga wina wa ku ntchito, amene mkazi wake anathandizidwapo pa nkhani yochotsedwa ntchito, ndiye anandilozera ku ofesi imene ndikulemba za iyoyi.

Ofesiyo ndi chipinda chimodzi chogawa pawiri ndi thabwa. Kunja kuli benchi ya anthu anayi ndi mnyamata wolemba maina, mkati muli tebulo, kabati ya mafailo ndi mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito yoyang'anira antchito pa kampani ina yaikulu asanapume. Masitepe okwerera ndi opapatiza ndi amdima, ndipo munthu wa ndodo kapena wa njinga ya olumala sangafikeko, chinthu chosayenera pa ofesi imene ambiri mwa makasitomala ake ndi anthu ovulala. Ndalama yoonana naye koyamba inali yofanana ndi mtengo wa thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25, ndipo anandipatsa risiti popanda kupempha. Zonse zimene ndinalipira mpaka kumapeto zinafika pa mtengo wa matumba asanu ndi limodzi. Mayiyo amalankhula Chinyanja chomveka ngakhale kuti kwawo ndi kumpoto, ndipo anandimvetsera kwa nthawi yaitali osayang'ana foni. Atawerenga chithunzi cha pepala lija anati, "Bambo, ndalamayo ngati akufuna kuthandiza mwana alandireni ndipo muwalembere risiti, koma pepala ili musalikhudze ndi cholembera."

Phindu lalikulu la ofesiyi lili pa kufotokoza, ndipo apa ndikuyamikira ndi mtima wonse. Ndinali nditamvapo za Workers' Compensation Fund Control Board, nthambi ya boma yosunga thumba la chipukutamisozi cha anthu ovulala pa ntchito, imene likulu lake lili ku Ndola ndipo ili ndi ofesi muno mu Lusaka, koma ndinkaganiza kuti ndi ya anthu a m'migodi ndi m'mafakitale aakulu okha. Mayiyo anatsegula lamulo la Workers' Compensation Act la 1999 n'kundionetsa kuti thumba limeneli ndi la antchito a m'makampani aang'ono omwe, ngakhale a m'nyumba, kuti amene amasonkhamo ndi olemba ntchito okha, wantchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake, ndiponso kuti wovulala pa ntchito sayenera kuyamba watsimikizira kuti bwana ndiye analakwa. Chofunika ndi chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito ndiponso pa nthawi ya ntchito. Anafotokoza kuti thumbalo limabweza ndalama za chipatala, limapereka ndalama pa nthawi imene munthu sakutha kugwira ntchito, limathandiza pa ziwalo zochita kupanga, ndipo bala likapola madokotala amayeza kukula kwa chilema n'kuchiika pa maperesenti, chilema chaching'ono chikulipiridwa kamodzi, chachikulu chikulipiridwa mwezi ndi mwezi. Anandiuzanso kuti udindo wokanena za ngozi ndi wa wolemba ntchito, amene ayenera kutero pasanathe masiku atatu chidziwireni, ndipo masiku amenewo anali atadutsa kale. Zonsezi anazinena pang'onopang'ono, akundifunsa kuti ndibwereze zimene ndamva, monga amachitira mphunzitsi wabwino.

Chachiwiri chimene anachita bwino ndi kutitumiza kukasonkhanitsa umboni nthawi isanathe. Anandilembera pa kapepala zinthu zoti ndichite tsiku lomwelo ndisanabwerere kunyumba. Ndinapita ku shopu n'kujambula makinawo monga analili, switchi ya pakhoma ndi magazi amene anali akuonekabe pa mwendo wa tebulo, ndipo ndinachita bwino kufulumira chifukwa patapita mlungu umodzi tebulolo linapakidwa penti. Ndinalemba maina a anyamata awiri amene anaona ngoziyo ndi nambala ya kasitomala uja wa galimoto. Ndinapempha kalata ya dokotala yokhala ndi chidindo, yonena tsiku, ola ndi mtundu wa bala. Koma nzeru imene sindikanaiganiza ndekha inali ya foni ya mnyamatayo. Mwini shopu ankamulipira kudzera pa mobile money, ndipo mayiyo anatiuza kuti tikatenge chikalata chosonyeza ndalama zonse zimene zinalowa pa nambala yake kwa zaka ziwiri. Pa chikalatacho panaoneka ndalama yofanana, yochokera ku nambala imodzi, ikulowa kumapeto kwa mwezi uliwonse mosadumphitsa. Munthu waganyu salipidwa motero.

Nkhani ya ganyu imeneyi ndiyo inali fupa la mlandu wonse, ndipo mayiyo ankaidziwa bwino kuposa china chilichonse. Anationetsa kuti kuyambira m'chaka cha 2015 lamulo la dziko lino limaletsa kulemba munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhazikika, ndipo lamulo la Employment Code Act la 2019 linasunga chiletsocho n'kunenanso kuti mgwirizano wa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo uyenera kulembedwa. Ngakhale mgwirizano wapakamwa, wolemba ntchito ayenera kusunga kaundula wake. Kusowa kwa pepala, kumene ine ndinkakuona ngati kufooka kwathu, kunali kulephera kwa mwini shopu. Pa zithunzi zimene ndinajambula, mayiyo anaona chinthu chimene ine ndinachidutsa osachizindikira: satifiketi yopachikidwa pakhoma pafupi ndi kalendala, yosonyeza kuti shopuyo inalembetsa ku thumba la chipukutamisozi. Mwini wake analembetsa chifukwa popanda satifiketi yotere sakanapeza ntchito zopanga madesiki a m'sukulu, koma pa antchito asanu ndi awiri anatchulako atatu okha. N'chifukwa chake sanafune kukanena za ngoziyo.

Kalata imene mayiyo analembera mwini shopu inali yaifupi ndi yaulemu, yopanda kuopseza, yongotchula malamulo, kupempha kuti fomu ya ngozi idzazidwe ndi kunena tsiku limene ife tidzapite tokha kukanena ngati iye satero. Anandilangiza kuti ndiipereke ndekha pamanja, ndikhale pansi ndi munthuyo monga akuluakulu awiri, ndipo ndisapite ndi gulu la achibale. Malangizo amenewo anali anzeru. Mwini shopu anakwiya tsiku loyamba, n'kunena kuti ndamuyalutsa pambuyo pa zabwino zonse zimene anachitira mwana wanga, koma pa tsiku lachinayi anadzaza fomu. Poyamba analembapo malipiro ochepa kuposa enieni, ndipo mayiyo anazindikira msanga poyerekeza ndi chikalata cha pa foni chija n'kubweza fomuyo kuti ikonzedwe. Kukonza kumeneko kunali kofunika kwambiri, chifukwa chipukutamisozi chimawerengedwa potengera malipiro a munthu, ndipo nambala yolakwika pa fomu imodzi ikanamutsatira mnyamatayo moyo wake wonse.

Pa nkhani ya malipiro a miyezi imene anali kudwala, mayiyo anatiuza kuti wantchito wa mgwirizano wautali ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha miyezi isanu ndi umodzi, itatu akulandira malipiro onse, itatu akulandira theka, ndipo sangachotsedwe ntchito pa chifukwa cha matenda popanda mawu a dokotala. Anatiperekeza kamodzi ku ofesi ya za ntchito ya boma, kumene mbali zonse ziwiri zinakhala pansi n'kugwirizana za malipirowo. Mbali imeneyi inayenda mosavuta ndipo ndilibe zambiri zoti ndinene.

Tsopano ndifike pa zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba ndi cholemera. Pa chikwangwani cha pakhomo palembedwa mawu ochititsa munthu kuganiza kuti mkatimo muli loya, ndipo ine ndinakhala miyezi iwiri ndikuganiza choncho. Mayiyo si loya, ndipo sangaimire munthu m'khoti, chifukwa ntchito imeneyo ndi ya maloya ovomerezeka okhala ndi chiphaso cha bungwe lawo la Law Association of Zambia. Sananame, koma sananenenso mpaka tsiku limene ndinamufunsa ngati tingasumire mwini shopu chifukwa chogwiritsa ntchito makina opanda zotetezera. Pamenepo ndi pamene anati nkhani imeneyo ndi ya maloya. Chikanakhala chilungamo akananena pa tsiku loyamba, chifukwa milandu ili ndi nthawi yake: dandaulo la ku Industrial Relations Division ya High Court, nthambi ya khoti lalikulu yoweruza milandu ya za ntchito, limayenera kuperekedwa pasanathe masiku 90, ndipo mlandu wofuna chipepeso pa kuvulazidwa chifukwa cha kunyalanyaza kwa wina uli ndi malire a zaka 3. Munthu amene akukhulupirira kuti ali kale m'manja mwa loya angagone tulo masiku akutha. Za Legal Aid Board, imene imathandiza anthu osowa ndalama ya loya, sanandiuze ndi iye. Ndinamva kwa mkulu wa mpingo, ndipo safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi chakuti nkhani itayamba kuoneka kuti iyenda, mnyamata wolemba maina uja anandipatsa pepala lakuti ndivomere kupereka gawo la ndalama iliyonse imene mwana adzalandire. Ndinakana, ndipo mayiyo sanaumirire, anangoti ndi pepala limene amapatsa aliyense ndipo tingapitirize ndi malipiro a ulendo uliwonse. Komabe ndikuganiza za mayi wamasiye kapena mnyamata wosadziwa Chingerezi amene angasaine poganiza kuti ndi mbali ya mafomu a boma. Kupereka dandaulo ku thumba la chipukutamisozi sikufuna mkhalapakati, ndipo ndalama ya chala cha munthu si yoti wina azidulapo mwezi ndi mwezi chifukwa chakuti analemba makalata atatu. Mapepala onse a mu ofesiyo ndi a m'Chingerezi, ndipo ngakhale mayiyo amamasulira pakamwa, palibe chimene munthu amapita nacho kunyumba m'chinenero chake kuti akawerengere achibale. Mlongo wanga, amene ndiye mayi wa wovulalayo, ankangodalira zimene ine ndakumbukira.

Kasungidwe ka mapepala nakonso n'kofooka. Kalata yeniyeni ya dokotala, ya chidindo, inasowa mu ofesimo kwa milungu itatu ndipo inapezeka mu failo ya munthu wina. Foni ya ofesi nthawi zambiri siyankhidwa masana, choncho ndinkakwera minibasi kupita m'tauni kukafunsa chinthu chimene chikanayankhidwa ndi mawu awiri. Aliyense wopita kumeneko asiye mafotokope okha, mapepala enieni asunge yekha.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti ofesiyi imaona bala ngati nkhani ya mafomu, ndipo makina amene anadula zalazo sanalowe m'maganizo a mayiyo ngakhale pang'ono, kupatula monga umboni. Nditamuuza kuti anyamata asanu ndi mmodzi akuchekabe pa tebulo lomwelo ndi switchi yomweyo, anati zimenezo si zimene ndinamulipirira. Komatu lamulo la Factories Act limafuna kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, ndipo lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linaika pa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ndi zipangizo za ntchito n'zosaika moyo pachiswe. Mlangizi wa nkhani za ntchito anayenera kudziwa kumene nkhani yotere imakanenedwa, ndipo ndime imodzi yowonjezera m'kalata ija ikanakwanira. Ku America kuli makina a SawStop, amene Steve Gass anawatulukira mu 1999, amene amazindikira khungu la munthu kudzera mu mphamvu ya magetsi n'kuimitsa sowo pa nthawi yosakwana magawo 5 mwa magawo 1,000 a sekondi, koma mtengo wake si wa kalipentala wa ku Kalingalinga, ndipo ngozi yathuyi sinkafuna zodula choncho. Inkafuna switchi ya maginito, imene magetsi akazima imadzizimitsa yokha ndipo siyatsanso makina mpaka munthu atadina batani. Inkafuna chivundikiro pamwamba pa sowo, kachitsulo kakumbuyo koletsa thabwa kupana ndi kubwerera mwamphamvu kwa wocheka, ndi kandodo kokankhira thabwa, kamene mmisiri aliyense angaseme pa chidutswa chotsala. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa bedi limodzi la mlombwa. Pomalizira pake ndinapita ndekha kwa mwini shopu ndi wamagetsi wa kwathu ku Mtendere, ndipo switchiyo inaikidwa. Chivundikiro sichinaikidwebe, chifukwa amisiri akuti chimawatchinga maso pocheka.

Za moyo wa mnyamatayo pambuyo pa bala, ofesiyi inalibe chonena. Sanatiuze za Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene inakhazikitsidwa pansi pa lamulo la anthu olumala ndipo imalembetsa anthu otere, kapena za kufunika kopitiriza masewera olimbitsa dzanja amene a ku chipatala anamuyambitsa kuti zala zotsalazo zisaume. Mwina ndikupempha zambiri kwa munthu mmodzi wokhala m'chipinda chimodzi. Koma munthu amene tsiku lililonse amalandira anthu oduka ziwalo akanatha kukhala ndi pepala limodzi pakhoma lotchula kumene angapite. Mwambi wakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe ndinayamba kuumva mwa njira ina nditaona mnyamata wa zaka 21 akulephera kumanga batani la malaya, kugwira msomali kapena kutema nsima, n'kumadzuka usiku akuti zala zimene kulibezo zikumuyabwa. Madokotala anati kumva kotero n'kodziwika kwa anthu odulidwa ziwalo ndipo si misala kapena matsenga, monga ena kumudzi anayamba kunenera.

Bala litapola, madokotala anamuyeza, chilema chake chinalembedwa, ndipo tsopano amalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera ku thumba lija. Popeza malipiro ake anali ochepa, ndalamayo siingamusunge payokha, koma ikaphatikizidwa kwa zaka idzaposa kutali zimene zinali mu envulopu, ndipo ndalama zimene tinaononga ku chipatala zinabwezedwa chifukwa mayiyo anatiumiriza kusunga risiti iliyonse, ngakhale ya bandeji. Pa zimenezi ndimamuthokoza, ndipo nditakumana naye pa msewu ndingamupatse moni ndi manja awiri.

Kwa munthu wodziwa kuwerenga Chingerezi, wokhala ndi nthawi ndiponso wosaopa kulowa m'maofesi, zambiri zimene ndinalipirira angazipeze popanda mkhalapakati popita yekha ku ofesi ya Workers' Compensation Fund Control Board, ku ofesi ya za ntchito ndi ku Legal Aid Board. Kwa banja limene lili pa wodi, bwana ataima pambali pa bedi ndi envulopu, achibale akukangana, ulendo woyamba wa ku ofesi yotere ndi woyenera thumba la ufa limene umadya, ndipo maulendo awiri kapena atatu otsatira, a kalata ndi mafomu, nawonso ndi oyenera. Kupitirira pamenepo phindu limayamba kuchepa. Wopitako afunse pa tsiku loyamba ngati amene akulankhula naye ndi loya, afunse mtengo wa ulendo uliwonse, akane pepala la kugawana chipukutamisozi, ndipo apite ndi wachibale wina woti azilemba zimene zikunenedwa.

Mnyamatayo anabwerera ku shopu komweko, chifukwa mwini wake, pambuyo pa zonsezi, anavomera kumusunga pa ntchito yosalaza matabwa ndi kupaka vanishi, imene amaigwira ndi dzanja lamanzere. Ku tebulo la sowo sayandikirako, ndipo akuti likayamba kulira amatuluka panja mpaka thabwa litatha. Tsopano ali ndi mgwirizano wolembedwa, umene ndinauwerenga ndekha mzere ndi mzere asanasaine. Nkhani yosumira chifukwa cha makina opanda zotetezera ili m'manja mwa loya amene tinamupeza mochedwa, ndipo mnyamatayo sanaganize ngati akufuna kuipitiriza, popeza amene angamusumireyo ndi yemwe amamulipira pakutha pa mwezi. Mlongo wanga akufuna kuti abwerere ku Katete akalime. Mnyamatayo akuti khasu limafuna manja awiri athunthu kuposa vanishi, ndipo Loweruka likubwerali tikhala pansi atatu kuti tikambirane.